Kodi kukula mosasamalidwa kungadwalitse munthu mutu atakula?

FUNSO: Adokotala, mchemwali wanga anamwalira n'kusiya mwana wa zaka 4. Bambo ake anali ku Joni, ndiye mwanayo anakulira kwa abale a kuchimuna. Kumeneko ankakhalira kubusa, kugona ndi njala, akadwala wopita naye kuchipatala panalibe. Ndinamutenga ali ndi zaka 11. Pano ali ndi zaka 21, ndipo akumamva mawu omunyoza pomwe palibe munthu. Pamsika wa Lizulu anasiya kupitapo, akuti aliyense akumunena. Abale akuti analodzedwa. Ine ndikuganizira mavuto aja. N'zotheka? Mayi wa ku Ntcheu.

YANKHO: Mayi, maganizo anuwo si olakwika. Mu 2012, Filippo Varese ndi anzake anasonkhanitsa kafukufuku wa m'mayiko osiyanasiyana n'kupeza kuti anthu amene anazunzika ali ana amadwala matenda otere, omwe ife timawatcha psychosis, mowirikiza pafupifupi katatu poyerekeza ndi anzawo. Kumenyedwa ndi kugwiriridwa zinalimo, koma kunyanyalidwa nakonso kunalimo. Ichi anthu amachipeputsa chifukwa sichisiya chipsera pathupi.

Mwana akalira amayembekeza kuti wina abwera. Akamalira tsiku ndi tsiku osabwera munthu, thupi lake limazolowera kukhala tcheru, ndipo michere ya m'thupi yokhudza mantha, monga cortisol, siyenda bwino. Mwanayo amaphunziranso kuti anthu si odalirika. Akatswiri ambiri amaganiza kuti zimenezi zimakhudza dopamine, mchere wa muubongo umene umatiuza kuti chinthu ichi n'chofunika kuchiganizira. Ukasokonekera, anthu awiri oseka nkhani zawo pamsika amaoneka ngati akuseka iwe. Mawu amene odwala amamva nthawi zambiri amakhala onyoza, ndipo ena amafanana ndi zomwe ankauzidwa ali aang'ono.

Komabe musapite kuchimuna kukaimba mlandu mutatenga yankho langali. Ana ambiri amene anakula movutika sadwala matendawa, ndipo ena amadwala atakulira m'manja mwabwino. Mu 2022, bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linati schizophrenia, mtundu waukulu wa matendawa, imagwira munthu mmodzi mwa anthu pafupifupi 300. Mtundu wa kubanja umathandizira kuti munthu adwale. Chamba nachonso, makamaka kwa woyamba kusuta ali wamng'ono, choncho mufunseni mwaulemu ngati amasuta. Malungo aakulu, khunyu, kachasu ndi matenda obwera chifukwa cha HIV zimathanso kusokoneza mutu, n'chifukwa chake ayenera kupimidwa thupi lonse.

Chimene chikundidetsa nkhawa ndi nthawi. Mabanja ambiri amatha miyezi akuzungulira kwa asing'anga ndi kumapemphero, pomwe kuchedwa kuyamba mankhwala kumachititsa kuti kuchira kuvute. Kupemphera sindikuletsa, koma sabata ino mupite naye ku chipatala cha boma ku Ntcheu mukafunse anamwino oona za matenda a maganizo. Si aliyense amatumizidwa ku Zomba Mental Hospital. Ambiri amamwa mankhwala monga chlorpromazine kapena haloperidol ali pakhomo. Akamuumitsa khosi kapena kumugonetsa kwambiri, bwererani akasinthe, osangosiya. Mukawafotokozerenso mmene anakulira, chifukwa uphungu wa zimenezo ndi mbali ya chithandizo.

Pakhomo musamatsutsane naye kuti mawuwo ndi abodza, iye amawamvadi. Musamumange. Akanena kuti mawuwo akumuuza kuti adzivulaze kapena avulaze wina, pitani tsiku lomwelo.

FUNSO: Ndikulera zidzukulu zitatu, mayi awo ali ku Joni. Masiku ena timagonera mbatatesi yokha. Kodi nazonso zidzadwala? Gogo wa ku Bembeke.

YANKHO: Agogo, umphawi ndi kunyanyala mwana n'zosiyana. Mwana amene mumamufunsa kuti waswera bwanji, mumadziwa kumene ali dzuwa likalowa, mumamunyamula akatentha thupi, ameneyo akusamalidwa ngakhale ndiwo zisowe. Munthu wamkulu mmodzi wodalirika amateteza mwana kwambiri. Aang'onowo muzipita nawo kusikelo kuti aone ngati sakunyentchera. Mukaona mwana wina m'mudzi akusiyidwa yekha masiku, uzani amfumu kapena a zachitetezo cha ana, kapena imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana.