Anavomereza bwanji pamene ife tinakana?

FUNSO

Zikomo a Mkonzi. Kuseri kwa nyumba zathu kuli bwalo lomwe ana amasewerapo, ndipo m'mphepete mwake mumadutsa ngalande yotenga madzi a mvula a dera lonse. Titamva kuti wina wapempha khonsolo kuti amangepo malo omwetsera mafuta a galimoto, tinalemba kalata yokana, tinasayina anthu ambiri, n'kukapereka. Yankho silinabwere. Sabata yatha tinangodzuka bwalo lonse atalitchinga ndi malata. Khansala wathu akuti "zinadutsa kale ku komiti". Anthu kuno akuti panayenda ndalama. Tingadziwe bwanji mmene chilolezocho chinaperekedwera?

Mayi wa ana atatu

YANKHO

Amayi, mawu akuti "panayenda ndalama" muyambe mwawasunga kaye. Mwina ndi oona, koma umboni mulibe, ndipo mukatchula dzina la munthu pagulu akhoza kukusumirani kuti mwamuipitsira mbiri. Chinanso, mawu amenewa amawapatsa a khonsolo pothawira. Amangokana za ziphuphuzo mwaukali, nkhani ya ngalande yanu osaikhudza n'komwe. Inu afunseni zimene sangazembe: anaganizira chiyani asanavomereze, ndipo analemba pati?

Pempho lomanga likafika ku khonsolo limapatsidwa nambala ndi fayilo yake. Akatswiri a mapulani amakaona malowo, amayang'ana ngati zomwe munthu akufuna kumangazo zikugwirizana ndi pulani ya deralo, amafunsanso maganizo a oyang'anira misewu, madzi ndi chilengedwe. Akatero amalemba lipoti lonena kuti pempholo livomerezedwe kapena likanidwe. Mapempho ang'onoang'ono nthawi zambiri amathera pa desiki ya mkulu wa mapulani, koma amene anthu akukangana nawo amakonda kupita ku komiti. Paliponse pomwe fayiloyo yadutsa pamatsala pepala, ndipo mapepala amenewo ndi omwe mukufuna.

Lembani kalata kwa mkulu wa khonsolo, osati kwa khansala yekha. Pemphani nambala ya pempholo, lipoti la akatswiri, maminitsi a msonkhano womwe unagamula, mayina a omwe analipo, ndiponso ngati alipo amene ananena poyera kuti nkhaniyo ikumukhudza n'kutuluka pokambirana. Pemphaninso chilolezo chenichenicho pamodzi ndi mfundo zomwe womangayo anapatsidwa kuti azitsatira. Pitani ndi makope awiri, imodzi akudindireni chidindo chokhala ndi deti, mubwerere nayo kunyumba. Zoyankhana pakamwa m'khonde la ofesi mawa lake sizikumbukika.

Mapepalawo akabwera, ikani lipoti la akatswiri pambali pa chigamulo cha komiti, muwerenge zonse ziwiri modekha. Apa m'pamene pagona nkhani. Ngati akatswiri anati pempholo likanidwe koma makhansala anavomereza, sikuti alakwa chifukwa cha chimenecho chokha, popeza mphamvu yogamula ndi yawo. Koma ayenera kusonyeza zifukwa zomveka. Maminitsi ongoti "komiti inakambirana ndipo inavomereza", pa malo osungira mafuta oyandikana ndi ngalande ndi nyumba za anthu, ine ndimawaona ngati chipongwe kwa anthu okhala pamenepo. Onaninso ngati kalata yanu inatchulidwa mu lipotilo. Ngati palibe ndi mzere umodzi womwe wonena kuti anthu anakana ndipo zifukwa zawo ndi izi, ndiye kuti ogamulawo mwina anagamula osamva mbali yanu, ndipo imeneyi ndi mfundo yolimba kuposa mphekesera iliyonse.

Ndikuuzeni chinthu china chowawa. Kuchuluka kwa osayina sikugamula pempho. Chomwe chimalemera ndi zifukwa zokhudza mapulani: madzi a mvula adzapita kuti ngalande ikatsekeka, magalimoto azidzalowera pati, mafuta akatayikira pansi adzakathera kuti, malowo anaikidwa kuti akhale a chiyani. Kalata yanu yotsatira itsindike zimenezi.

Akakuuzani kuti mafayilo ndi achinsinsi, musagonje. Mayiko ambiri ali ndi lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza zomwe maofesi a boma akusunga. Dziko la Sweden linayamba kale mu 1766. La South Africa ndi la chaka cha 2000 ndipo limapereka masiku 30 oti ofesi iyankhe. La ku England ndi la 2000 lomwelo, masiku ake ndi 20 ogwira ntchito. La Malawi linayamba kugwira ntchito mu 2020, ndipo gawo 43 la malamulo aakulu a dzikolo limapatsa munthu ufulu wolandira zifukwa zolembedwa pamene chigamulo cha ofesi chikukhudza ufulu wake. Fufuzani la dziko lanu, mulitchule m'kalatamo. Akhoza kufufuta nambala ya foni ya wopempha kumangayo, zimenezo n'zomveka. Kubisa zifukwa za chigamulo ndiye ayi.

Koma fulumirani, amayi, madzi akatayika saoleka. Nthawi yokatsutsa chigamulo chotere kukhoti imakhala yochepa. Ku England ndi masabata 6 okha, ndipo kumeneko wochita apilo ku boma ndi wopempha kumanga amene wakanidwa, oyandikana naye alibe mwayi umenewo, njira yawo ndi ya kukhotiyo. Khoti nalo silifunsa ngati malo omwetsera mafutawo ndi abwino kapena oipa. Limaona ngati ndondomeko inatsatidwa. Choncho musadikire mapepala onse musanaonane ndi loya kapena bungwe lothandiza anthu pa zamalamulo. Ngati khonsolo yangokhala chete, ofesi ya Ombudsman imalandira madandaulo a mtundu umenewu m'mayiko omwe ilipo.

Pomwe mukudikira, jambulani malowo sabata ndi sabata, makamaka ngalandeyo. Chilolezo chikafika m'manja mwanu, werengani mfundo zake imodziimodzi. Nthawi zina mumapezeka lamulo loti njira ya madzi ikonzedwe ntchito ina iliyonse isanayambe. Womangayo akalumpha mfundo yotero, lemberaninso khonsolo tsiku lomwelo, muikemo zithunzi ndi madeti ake, muwapemphe kuti aimitse ntchitoyo mpaka mfundoyo itatsatidwa.