Kodi kuvulala kwamuthera mbiri Mike Trout?

Achimwene ena okhala ku California, amene akhala akusapota timu ya baseball ya Los Angeles Angels, imene Mike Trout amasewerera, kwa zaka zambiri, anditumizira imelo sabata yathayi. Funso lawo ndi lalifupi: "Mike Trout wangokhala munthu wa kuchipatala. Kodi anthu adzamukumbukira ngati katswiri, kapena ngati mnyamata amene luso lake linapita pachabe?"

Achimwene, nkhawa yanuyo ndayimva, ndipo inenso imandigwira. Munthu amene anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse mu American League (imodzi mwa maligi awiri akuluakulu a baseball ku America) katatu, mu 2014, 2016 ndi 2019, anangosewera magemu 36 mu 2021 chifukwa cha katumba, 82 mu 2023 atathyoka kafupa ka m'dzanja, ndi 29 okha mu 2024 bondo litavuta kawiri. Pajatu sizoni imodzi imakhala ndi magemu 162. Koma ndisanayankhe za Trout, ndiloleni ndikutengereni kwa anthu awiri oponya mpira ndi dzanja lamanzere, onse a Los Angeles Dodgers, amene chigongono chinawachita zosiyana kwambiri.

Woyamba ndi Sandy Koufax. Pofika 1964 madokotala anamupeza ndi nyamakazi m'chigongono. Tsiku lina mu Malichi 1965 anadzuka mkono wonse utada bii, magazi atakhamukira mkati. Komabe chaka chomwecho anagwetsa omenya mpira 382 (kuwatulutsa atalephera kumenya mpira umene waponya), zimene zinali zisanachitikepo m'nyengo yamakono ya masewerawa, ndipo anaponya gemu yomaliza ya World Series, ndime yomaliza yolimbirana chikho, polimbana ndi Minnesota Twins atangopuma masiku awiri, osalola adaniwo kupeza ngakhale pointi imodzi. Zimene masapota sankaziona ndi za m'chipinda chosinthira zovala. Gemu isanayambe ankamupaka mafuta otentha ngati tsabola kuti ululu usamveke. Gemu ikatha ankaviika mkono m'madzi a ayisi mpaka kuchita dzanzi. Majakisoni a cortisone ndiye osanena. Mu 1966 anapambana magemu 27, ndipo mu Novembala chaka chomwecho anaitana atolankhani n'kunena kuti basi, wasiya, poopa kuti mkonowo ungadzafe ndithu. Anali ndi zaka 30 zokha.

Koufax anapambana magemu 165 pa moyo wake wonse, chiwerengero chochepa poyerekeza ndi akuluakulu anzake. Koma palibe amene anamuonapo akukalamba pabwalo, akumenyedwa ndi ana. Chithunzi chomaliza chimene anthu ali nacho ndi cha munthu amene analibe mnzake. Mu 1972 analowa mu Hall of Fame, nyumba yolemekezera akatswiri a baseball ku Cooperstown, ali ndi zaka 36, ndipo palibe analowamo ali wamng'ono kuposa apo.

Wachiwiri ndi Tommy John. Mu Julaye 1974, pa gemu yolimbana ndi Montreal Expos, mtsempha wogwira chigongono unaduka. Nthawi imeneyo vuto limeneli linkatanthauza kulongedza katundu. Dokotala wa timuyo, Frank Jobe, anayesa chinthu chimene chinali chisanachitikepo kwa woponya mpira: anachotsa mtsempha kumkono wamanja, anaboola timabowo m'mafupa a chigongono chamanzere, n'kuulowetsa m'timabowomo ngati akusoka. John anakhala panja chaka chonse cha 1975, nthawi ina zala zake zitapindika osatambasuka, mpaka anachitidwanso opaleshoni ina ya mtsempha wa m'dzanja. Anabwerera mu 1976 ndipo anasewera mpaka 1989, ali ndi zaka 46. Asanavulale anali atapambana magemu 124. Atachira anawonjezera 164. Onse pamodzi 288, kuposa Koufax ndi magemu 123. Koma mu Hall of Fame sanalowemo. Dzina lake lero limatchulidwa tsiku ndi tsiku, inde, koma m'zipatala, monga dzina la opaleshoni. Zimenezi zimandipweteka mtima, chifukwa kulimba mtima kwa bambo ameneyu n'kumene kunapulumutsa anthu ngati Shohei Ohtani, amene ankasewera limodzi ndi Trout ku Angels, ndipo anachitidwa opaleshoni yomweyo mu 2018.

Ndiye mukuona, achimwene, kuti kuvulala pakokha sikuweruza munthu. Chimene anthu amasunga mumtima ndi msinkhu umene munthu anafika ali bwinobwino, komanso ngati anakhalapo zaka zokwanira kuti aliyense aone kuti sunali mwayi chabe.

Amene Trout akufanana naye kwambiri si awiriwa ayi, koma Ken Griffey Jr. Onse ankasewera pakati pa bwalo, malo othamanga kwambiri, odumphira mpira mpaka kugunda khoma. Griffey anachoka ku Seattle Mariners ali ndi ma home run (kumenya mpira n'kuzungulira bwalo lonse ulendo umodzi) 398, onse atawamenya asanakwanitse n'komwe zaka 30, ndipo ambiri ankati ndiye adzapitirire 755 ya Hank Aaron, imene inali rekodi nthawi imeneyo. Atafika ku Cincinnati Reds mu 2000 thupi linayamba kukana: bondo, phewa, akakolo. Kuyambira 2002 mpaka 2004 sanafikeko magemu 90 pa sizoni, ndipo mu 2004 mnofu wa kuntchafu unachoka pafupa mpaka anachita kuugwirizitsa ndi masikuluwu. Anamaliza ndi ma home run 630. Kuvulala kunamulanda rekodi, osati ulemu. Mu 2016 atolankhani 437 mwa 440 anamuvotera kulowa mu Hall of Fame.

Yankho langa ndi ili: Trout adzalowa ku Cooperstown, ndipo sindikukayika ngakhale pang'ono. Kuyambira 2012 mpaka 2019 panalibe wosewera womuposa, ndipo zaka 8 zimenezo ndi zambiri kuposa nyengo imene Koufax anawala. Chimene kuvulala kwamudyera ndi china. Tinkayembekeza kudzamuika patebulo limodzi ndi Willie Mays ndi Aaron, anthu amene anasewera zaka zoposa 20 thupi lili nganganga. Mpando umenewo ndikuona kuti wamudutsa.

Pali bala lina limene silichokera m'thupi, ndipo inu a Angels mukulidziwa bwino. Koufax anthu amamukumbukira ali mu World Series, dziko lonse likuonera. Trout wasewera magemu atatu okha a m'ndime yolimbirana chikho, mu 2014, ndipo Kansas City Royals inawagonjetsa onse atatu. Zaka zimene anali wamphamvu timu inalibe oponya mpira okwanira. Pamene Ohtani anafika pachimake mu 2021, Trout ndiye anali pa benchi ndi katumba wake. Anthu awiri otere anavala yunifomu imodzi kwa zaka 6, osapondako ndime imeneyo ngakhale kamodzi.

Mukadzapitanso ku Anaheim, ku bwalo la Angels, dzina la Trout lili pa ndandanda ya osewera tsikulo, musachedwe pa mzere wogula zakudya. Khalani pampando nthawi yake yomenya isanakwane.