Msuweni, za nyumba ya khonsolo zija

Eee, msuweni, uthenga wako ndaumva. Dikira nditseke chitseko, ana akusokosera... Eya. Akuti ukufunsira mnzako wa kutchalitchi, kuti munthu wokhala m'nyumba ya khonsolo kuno ku Britain, amene boma limamuthandiza lendi, angakakhale kumudzi miyezi ingati. Mnzakoyo nayenso mayi ake agonekedwa ku Queens sabata yomwe ino? Iwe, tinakulira limodzi kwa agogo, kunama sunakuphunzirebe mpaka lero. Izi ndi za azakhali, mayi ako. Ukufuna upite ukawadwazike, ndipo nyumbayo ukuganiza zosiyira mnyamata uja kuti azikuponyera kangachepe. Usakane.

Ukukumbukira amalume aang'ono, chaka chimene anapita kukafolera nyumba ya ku Area 25? Iwe unali usanabwere kuno... ayi, unali utabwera, unali woyembekezera woyamba uja. Anatsanzika kuti masabata atatu basi. Amalume ndi masabata atatu! Kufika kumudzi, malata aperewera, mmisiri wasowa ndi ndalama za simenti, kenako maliro a ku Ntcheu aja, kenako mvula yayamba. Kunoko kiyi anasiyira bambo wina wa kwayala, amene ankawapatsa ndalama mwezi ndi mwezi, ati ya magetsi. Bamboyo n'kubweretsa mkazi, ana, mpaka makatani kusintha. Gogo wachizungu woyandikana nawo, amene ankapatsana naye moni m'mawa uliwonse, anayamba kufunsa kuti madala aja ali kuti. Makalata a boma a bulauni aja ankangounjikana pawindo, wotsegula palibe. Ndine ndinakawatenga, mulu wonse mu jumbo, ena atanyowa ndi chinyezi mpaka kumatana.

Tsiku lobwera, amalume ndi chipewa chawo chija, sutikesi yodzaza ufa ndi usipa wogawira tonsefe, anapeza nkhani zitatu zikuwadikira. Thandizo laimitsidwa, abweze zonse zimene analandira ali kunja, ndipo nyumba ikulandidwa. Anagona pa sofa yathu nyengo yonse yozizira. Munthu wamkulu, woti anatilipirira fizi ine ndi iwe, kumadzuka mbandakucha kupinda bulangete kuti ana asaone kuti agona pabalaza. Hmm. Ndikakumbukira mtima umandiwawabe.

Chabwino, malamulo ake tsono. Iwe uli pa Universal Credit, thandizo la boma la mwezi ndi mwezi lija, eti? Kunja kwa dziko amalola mwezi umodzi. Amene adakali pa Housing Benefit, thandizo lakale lija la lendi, makamaka a penshoni, ndi masabata 4. Kale anali 13, anasintha mu 2016, ndiye ukamva wina akunena za masabata 13, amenewo atsalira munthu amene wachoka pakhomo koma ali momwe muno mu Britain. Chimene ambiri sachidziwa n'chakuti amayang'ananso zimene unakonza ponyamuka. Ukagula tikiti ya miyezi itatu, usaganize kuti mwezi woyambawo ndi wako, ayi. Ulendo wotero wapyola kale malire usanakwere n'komwe ndege. Amatha kuwonjezera mwezi wina pakagwa maliro a kholo, mwana, mchimwene kapena mchemwali, Mulungu atitalikitsire zimenezo. Koma kukadwazika mayi sakuwerengera. Miyezi 6 imene unamva ija ndi ya munthu amene akukalandira yekha chithandizo cha kuchipatala, kapena waperekeza mwamuna wake kapena mwana. Ndipo ukakhalitsa, pobwera uyambiranso kufunsira, mwina akufunsenso ngati kuno n'kumene ukukhala zenizeni.

Nyumbayo ndi nkhani ina, usazisakanize. Pangano limene unasainira limati pakhale pakhomo pako penipeni. Ulendo pawokha sulanditsa nyumba, bola katundu wako alimo, lendi ikulowa, ndipo zikuoneka kuti ubwerera. Cholanditsa ndi chija anachita amalume, kutulukamo n'kulowetsa wina wolipira. Lamulo la 2013 linaika zimenezo kukhala mlandu ku England ndi Wales, ndipo akaona kuti unachitira dala mwachinyengo, ndende imafika zaka 2. Kaya ndalamayo muitcha ya magetsi, kaya ya sopo, kwa iwo ndi lendi.

Ndiye ine ndikuti chani... ndikuti pita. Azakhali akufuna iweyo, phala la wina aliyense akukana, tonse tikudziwa. Koma usananyamuke lemba mu journal yako ija, tsamba la pa intaneti lolemberana ndi a Universal Credit, tsiku lopita ndi lobwera, uuzenso wa nyumba ku khonsolo, molemba, usunge kope. Ndipo mnyamata uja m'nyumbamo asalowe. Kiyi upatse ine, ndizikatsegula makalata Loweruka lililonse, ndikathirirenso maluwa ako ofota aja.

Ukaona kuti mwezi sukwana, uwauze zoona, thandizo liime, lendi tisonkha ifeyo. Achimwene a ku Johannesburg, ndikudziwa mukumvera mwakachetechete, inunso mulimo. Kusonkha miyezi iwiri n'kopepuka kusiyana ndi kuyambiranso pamzere wa nyumba, umene iwe wekha ukudziwa mmene unakuzunzira. Ngati ukukayika zanga, pita ku Citizens Advice kapena imbira a Shelter, mabungwe opereka uphungu, ndi ulere, utenge pangano la nyumba lija akaliwerenge.

Wandimva koma? Upite, uwauze usanapite, nyumba usalowetse munthu. Osati mawa ndimve kuti mnzako wa kutchalitchi wanyamuka usiku osatsanzika. Ukaweruka undiimbire tione matikiti, ndipo undiuze mankhwala amene adokotala alemba, mwina ena tigule konkuno upite nawo.