Dario Hübner: anafika mu Serie A ali ndi zaka 30

Imelo ya sabata ino yachokera kwa mmodzi mwa owerenga athu, ndipo akufunsa motere: "Tatsutsana ndi mnzanga. Iye akuti ku Italy kunali womwetsa zigoli wina amene anathera unyamata wake wonse m'maligi ang'onoang'ono, n'kukalowa Serie A atakula kale, koma n'kuposa anzake onse pa zigoli. Ine ndikuti ndi nthano. Ngati n'zoona, bwanji matimu akuluakulu sanamugule? Si kuti unangokhala mwayi wa chaka chimodzi?"

Achimwene, mnzanuyo sakunama. Munthuyo ndi Dario Hübner, wobadwa mu 1967 ku Muggia, kufupi ndi mzinda wa Trieste. Ochemerera ankamutcha Tatanka, kunena njati, chifukwa cha mmene ankathamangira ataweramitsa mutu, phewa lili patsogolo.

Kuti mumvetse kumene anachokera, masiku amenewo mpira wa ku Italy unkayambira Serie A pamwamba, kenako Serie B, C1, C2, ndipo pansi pa onsewa panali Interregionale, ligi ya anthu amene ambiri mwa iwo ankadzukira ntchito zina. Hübner anali kumeneko mu 1987, ali ndi zaka 20, akusewera mu timu ya Pievigina. Sanadutse m'sukulu ya mpira ya timu yaikulu iliyonse, ndipo asanayambe kudyera mpira ankagwira ntchito yamanja ya zitsulo. Anapita ku Pergocrema mu C2, kenako ku Fano, komwe mu 1991/92 anali pamwamba pa omwetsa zigoli m'gulu lake la C1.

Cesena inamutenga mu 1992. Anakhalako zaka zisanu mu Serie B, n'kumwetsa zigoli zoposa 70, ndipo mu 1995/96 anatsogola ligi yonse ndi zigoli 22. Apa m'pamene ine ndimadabwa nawo akuluakulu a matimu a Serie A a nthawi imeneyo. Munthu akumwetsa chaka ndi chaka pamaso pawo, iwo maso ali ku South America. Zinatengera kuti Cesena igwe kuchoka mu Serie B mu 1997 kuti Brescia, yomwe inali itangokwera kumene, imugule.

Tsiku lake loyamba mu Serie A linali 31 August 1997 pa bwalo la San Siro, polimbana ndi Inter. Dziko lonse linatchera maso kuti lione Ronaldo wa ku Brazil akuyamba kusewerera Inter mu ligiyi, koma woyamba kugwedeza ukonde anali Hübner. Inter inapulumuka ndi zigoli ziwiri za Álvaro Recoba, amene analowa masewero ali mkati, n'kupambana 2-1. Masewero otsatira Hübner anathira zitatu mu golo ya Sampdoria. Anamaliza ndi zigoli 16, koma Brescia inagwa ndithu. Sanaithawe. Anatsika nayo, n'kukwera nayo mu 2000, ndipo mu 2000/01 anamwetsa 17 akusewera limodzi ndi Roberto Baggio, mphunzitsi ali Carlo Mazzone.

Chaka chimene mnzanuyo akunena ndi 2001/02, ali ku Piacenza. Anamwetsa zigoli 24, zofanana ndi za David Trezeguet wa Juventus, ndipo awiriwa anagawana ulemu wa womwetsa zambiri. Koma taonani kusiyana kwake. Trezeguet anali ndi Del Piero ndi Nedvěd omupatsira mipira, mu timu imene inatenga ligi. Hübner anali ndi zaka 35, mu timu imene inkalimbana n'kugwa mpaka tsiku lomaliza, pomwe inakwapula Verona 3-0, ziwiri zili zake, Verona n'kugwa.

Ndiye za mwayi wa chaka chimodzi chotsani. Mu Serie A anamwetsa 16, 17, 24, kenako 14, m'matimu amene palibe ankawaopa. Iye ndi Igor Protti ndi okhawo amene anatsogolapo pa zigoli mu Serie A, Serie B ndi C1.

Nanga bwanji akuluakulu sanamugule? Mmene ndikuonera, choyamba ndi msinkhu. Timu yaikulu ikamagula imaganiza zodzagulitsanso, ndipo wa zaka 30 wochokera pansi palibe amene angamutayire ndalama zambiri. Chachiwiri ndi kaseweredwe. Hübner ankasangalala pakakhala malo kumbuyo kwa otchinga: mpira wautali, iye n'kuthamanga, n'kumenya. Timu yaing'ono imene imadikira kumbuyo n'kuphulika mwadzidzidzi imamupatsa malo amenewo. Juventus kapena Milan nthawi zambiri imapeza adani onse ataunjikana pakhomo pa golo yawo. Chachitatu ndi moyo wake. Sankabisa kuti amasuta fodya ndipo amakonda kagalasi ka grappa (mowa waukali wa ku Italy), zomwe aphunzitsi a matimu akuluakulu sakanazisekerera. Ankafunanso kukhala pafupi ndi banja lake kudera la Crema, ndipo Brescia ndi Piacenza zonse zili chapafupi.

Chimene chimandiwawa ndi timu ya dziko. Sanaitanidwepo ngakhale kamodzi. Inde, mphunzitsi Giovanni Trapattoni popita ku World Cup ya 2002 anali ndi Vieri, Totti, Del Piero, Inzaghi, Montella ndi Delvecchio, moti ngakhale Baggio anatsala kunyumba. Koma masewero amodzi okha apaubale sakanamupweteka aliyense.

Piacenza itagwa mu 2003 anadutsa ku Ancona ndi Perugia, miyendo itayamba kulemera, kenako ku Mantova mu C1. Mbiri yake ya womwetsa zambiri wamkulu kwambiri mu Serie A inakhala mpaka 2015, pomwe Luca Toni wa Verona anaiphwanya ali ndi zaka 38. Hübner yekha anabwerera m'matimu a m'midzi ya ku Lombardia monga Chiari ndi Castel Mella, ndipo anasewerabe mpaka atapitirira zaka 40.