Penshoni ya wandale wakuba: zake mpatseni, zathu mulandeni

Achemwali amene mwafunsa kuti kodi wandale amene khoti lamupeza wolakwa pa mlandu wa katangale azilandirabe penshoni ya boma, ndaona anthu ambiri angoyankha kuti ayi ayi ayi ndi timoto (ma emoji a moto) tambirimbiri, ena akuti amulande ndi nsapato zomwe. Nane mtima wanga uli konko, koma ndiloleni ndiyankhe motalikako pang'ono chifukwa nkhaniyi ili ndi mbali ina imene tikapanda kuyiona bwino tidzangokhala tikukuwa pa Facebook pano mpaka kalekale, iwo akudya.

Ndiyambe ndi malume anga. Anali dalaivala m'boma, anagwira zaka zoposa makumi awiri, galimoto zake zinali zija zoyenda m'misewu ya fumbi kukasiya katundu kumidzi. Tsiku lina anagwidwa atapopa dizilo wa chigubu chimodzi cha malita 20, ankafuna fizi ya mwana wa fomu 3. Sindikuwaikira kumbuyo, anaba, iwonso amavomera. Koma kalata yowaimika inabwera sabata yomweyo, yowachotsa ntchito sinachedwenso, ndipo zaka zonse zija zinathera m'chigubu chimenecho, anabwerera kumudzi ndi chikwama, matiresi ndi wailesi, gratuity ayi penshoni ayi. Palibe amene ananena kuti dikirani apilo, palibe anafunsa kuti nanga ana awo adya chani. Ndinawaona ine akugulitsa njinga kuti agule feteleza thumba limodzi, munthu amene ankayendetsa mabwana. Nde mukandifunsa ngati nduna yoba mamiliyoni izilandira ndalama mwezi ndi mwezi mpaka kufa, ine ndimayamba ndaona chigubu chija kaye.

Koma mawu akuti penshoni timawasakaniza. Pali ndalama imene munthu amadulidwa pa salale yake, monga lamulo la penshoni limanenera kuti wantchito aziponya 5 peresenti ndipo bwana wake aziwonjezera 10 peresenti. Imene anadulidwa yekhayo ndi thukuta lake, olo akhale mbava yotheratu, ndi katundu wake ngati mmene ilili nyumba imene anamanga asanalowe ndale. Ndiye pali inayi, imene munthu saponyako olo 1 tambala koma dziko limangoti zikomo munatitumikira. Mtsogoleri wa dziko akapuma pali lamulo lake lomupatsa ndalama ya mwezi ndi mwezi, nyumba, galimoto, antchito, achitetezo, chipatala, zonsezo kuchokera ku misonkho yathu, VAT yomwe timadulidwa pogula sopo ndi mayunitsi. Aphungu nawo amalandira gratuity zaka zisanu zikatha, osaiwala ngongole zija zimene boma limawalipirira theka. Zimenezi si malipiro a thukuta ayi, ndi ulemu. Nanga ulemu ungamupatse munthu amene khoti lanena poyera kuti anakubera? Zili ngati wantchito wakubera mbuzi m'khola, mfumu yagamula, ndiye iwe mwezi uliwonse uzimutumizirabe nkhuku ya zikomo.

Ndiye ine maganizo anga ndi oti yaulemuyo idulidwe yonse, osasiyako olo kakobiri. Yake imene anaponya yekha ikhale yake, koma khoti likhale ndi mphamvu yoyigwira kuti ibweze zimene anabazo, zikatsala atenge. Basi. Sikuti tikumulanga kawiri ngati mmene ena akunenera, ndende ndi chilango, kubweza ndi kubweza, ndipo kusiya kumuthokoza si chilango n'komwe.

Ena mukuti nanga mkazi ndi ana alakwanji. Funso labwino, ndipo ine sindifuna mwana wa munthu aliyense agone ndi njala chifukwa cha bambo ake. Koma tinene zoona, ana a nduna yoba si amene amagona ndi njala m'dziko muno. Panthawi ya Cashgate mu 2013, a Baker Tilly, kampani yowerengera ndalama, atafufuza anapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zinatuluka m'miyezi isanu ndi umodzi yokha, anthu akupezeka ndi ndalama m'mabuti a galimoto, makampani akulipidwa osagwira ntchito iliyonse. Mayiko otithandiza anaimika thandizo lawo la bajeti, ndipo amene analira ndi mayi wa kumudzi amene anapita kuchipatala n'kuuzidwa kuti mankhwala kulibe kagule ku famase. Ana a ameneyo anawaganizira ndani? Apa nkhuyu anadya akuluakulu koma zinapota ana, ana a eni ake osati awo.

Chimene chimandiopsa ine pa nkhaniyi ndi china, ndipo apa ndipamene ndikusiyana ndi anzanga a timoto aja. Kuno kwathu mlandu wa katangale umakonda kugwira munthu akangotuluka m'boma kapena akayambana ndi bwana. Tonse timadziwa. Ali mkati ndi woyera, akangodutsa mbali inayo ACB, bungwe lothana ndi katangale, yafika pageti m'mamawa. Ndiye mukapereka mphamvu yodula penshoni m'manja mwa pulezidenti kapena nduna ya zachuma, mwawapatsa chikwapu china chokwapulira otsutsa. Taonani kwa aneba ku Zambia, malemu Edgar Lungu atalengeza mu 2023 kuti abwereranso ku ndale, boma linamuchotsera zonse zimene ankalandira ngati mtsogoleri wopuma. Lamulo lawo limaterodi kuti ukabwerera ku ndale zimaima, koma onani mmene nkhani ija inawagawira anthu, ena akuti ndi lamulo ena akuti ndi nkhanza, mpaka pa maliro pake mkangano osatha. Chinthu chikangooneka ngati achita ndi andale anzake, wakubayo amasanduka wozunzidwa ndipo kumudzi kwawo amamulandira ndi nyimbo.

Nchifukwa chake ndikuti lamulo lilembedwe mosapita m'mbali, lizigwira ntchito lokha. Khoti lagamula, apilo yatha, kalata ipite kwa olipira penshoni, ndalama yaima. Pasakhale munthu woti asainire kapena kukana kusainira. Ku South Korea ndi mmene zilili, mtsogoleri wopuma akachotsedwa pa mpando kapena akagamulidwa kukakhala kundende zabwino zonse zija zimatha, amangomusiyira achitetezo. Park Geun-hye anachotsedwa mu 2017, Lee Myung-bak anagamulidwa zaka 17 mu 2020, onsewa anataya penshoni ya upulezidenti, ndipo ngakhale anadzawakhululukira n'kutuluka, penshoni ija sinabwerere. Apa mpofunika kwambiri kwa ife chifukwa chikhululuko kuno ndiye khomo lakuseri. Uladi Mussa anapezeka wolakwa mu 2020 pa nkhani ya mapasipoti ndi unzika zimene zinaperekedwa kwa anthu akunja ali nduna ya za m'dziko, pofika Isitala ya 2023 anatuluka pa chikhululuko cha pulezidenti. Kutuluka atuluke, mwina ndi matenda mwina ndi ukalamba, ine si woweruza, koma lamulo linene kuti chikhululuko chimatsegula chitseko cha ndende chokha, sichitsegula thumba la boma.

Komanso abale tisanamizane, andale amene anamangidwadi mpaka kugamulidwa kuno ndi angati? Muwawerenge ndi zala za dzanja limodzi. Yusuf Mwawa, nduna ya maphunziro, zaka zisanu mu 2006 chifukwa cholipirira phwando la ukwati wake ndi ndalama za boma. Sam Mpasu zaka zisanu ndi chimodzi mu 2008 pa nkhani ya makope a sukulu ogulidwa ku kampani ya Fieldyork, nkhani yoti inachitika cha m'ma 1994, tangowerengani zaka zimene zinadutsapo. Uladi ndamutchula kale. A Cashgate ambiri amene analowa anali ogwira ntchito m'boma ndi abizinesi, Treza Senzani amene anali mlembi wamkulu ku unduna wa zokopa alendo zaka zitatu mu 2014, Oswald Lutepo zaka 11 mu 2015. Nanga andale amene ankalandira zikwama zija ali kuti? Mlandu wa a Muluzi wa K1.7 biliyoni unayenda m'khoti zaka khumi ndi zinayi, majaji kusintha, maloya kusintha, kudwala, kuimitsa, mpaka mu 2023 boma linangouthetsa. Sanapezeke olakwa, ndipo mwalamulo ndi osalakwa, ndisanamiziridwe kuti ndanena zina. Koma mfundo yanga ndi yoti olo tikanakhala ndi lamulo lokhwima bwanji lodula penshoni, pa mlandu woyenda choncho silikanagwira kanthu, chifukwa limadikira chigamulo chimene sichibwera.

Ndiye munthu wochenjera adzangochita zomwe akuchita kale, kukoka mlandu. Lero loya wadwala, mawa fayilo yasowa, mkuja tikupita ku Constitutional Court kukafunsa ngati kumufunsa munthu komwe anatenga chuma chake sikumuphwanyira ufulu. Penshoni ikulowa mwezi uliwonse. Apa nde pofunika kuganizapo bwino, mwina kunena kuti khoti loyamba likangomupeza wolakwa ndalamazo zizisungidwa pambali, akawina apilo adzatenge zonse, akaluza zibwerere ku boma. Mukatero muona mmene maapilo adzathamangire kkkk, yemweyo amene ankadwala sabata iliyonse adzakhala woyamba kufika kukhoti 7 koloko.

Chinanso, penshoniyo tisaiyese ngati ndi ndalama yaikulu kwa anthu amenewa. Munthu amene wasolola mabiliyoni, ali ndi nyumba ku Area 43, ina ku Namiwawa, ina ku Johannesburg yolembedwa dzina la mlamu wake, penshoni kwa iye ndi ya mafuta a jenereta. Chimene chimamuwawa ndi kulandidwa katundu. Lamulo lilipo kale, Financial Crimes Act ya 2017 imalola boma kulanda chuma chopezeka mwachinyengo, ndipo kuyambira 2022 kuli nthambi ya High Court yoona milandu ya zachuma yokhayokha. Zida zilipo. Koma kubweza kwake kuzikhala kwa mtengo wa lero, osati munthu anaba K60 miliyoni pamene thumba la simenti linali lotchipa, n'kudzabweza K60 miliyoni yomweyo patatha zaka khumi kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu 2022 n'kugwanso ndi 44 peresenti mu 2023. Imeneyo si kubweza, ndi ngongole yopanda chiongoladzanja, olo banki mkhonde sangakupatse choncho.

Nanga bwanji ndikulimbikirabe za penshoni ngati ndi yochepa? Chifukwa cha amene akuonerera. Mayi anga aang'ono anaphunzitsa ku pulayimale zaka 34, choko chinawathera m'zala, anapuma bwinobwino opanda mlandu olo umodzi. Gratuity yawo anaidikira pafupifupi zaka zitatu. Ndinawaperekezapo kawiri ku ofesi ina, kukwera minibasi 4 koloko m'mawa, mafayilo mu jumbo kuopa mvula, kukafika kukhala pa benchi mpaka masana kenako kamnyamata kena kobadwa dzulo n'kuwauza kuti amayi fayilo yanu sikuoneka mubwerenso mwezi wamawa, mwinanso anali mwana woti anamuphunzitsa a e i o u iwo omwewo. Pobwerera tinagawana chimanga chootcha chimodzi pa depoti chifukwa ndalama yotsala inali ya transipoti basi. Pamene ndalama ija imatuluka inali itatha mphamvu, malata amene ankafuna kugula 40 anagula 22. Munthu ngati ameneyu ukamuuza kuti uje amene anamangidwa pa nkhani ya makope a ana asukulu akuyenera kulandirabe zikomo wa boma pa nthawi yake osadikira pa benchi, ukumuuza kuti chani za zaka 34 zake zija?

Vuto lomaliza ndi loti amene angasinthe lamuloli ndi aphungu omwewo, ndipo mbuzi siimanga chingwe chake chomwe. Malamulo a dziko amaletsa kale munthu wopezeka wolakwa pa mlandu wosakhulupirika kuimira uphungu mpaka patadutsa zaka zisanu ndi ziwiri, ndiye sikuti ndi zachilendo kuti chigamulo cha khoti chizimutsata munthu akatuluka, kungowonjezerapo mzere umodzi wa ndalama. Koma mzere umenewo sadzaulemba okha, pa zokweza malipiro awo mpamene mumaona a boma ndi otsutsa akugwirizana ngati ana a mayi mmodzi. Ine woimira uphungu wa kwathu ndinamufunsa pamaso pa anthu pa msonkhano wa kampeni, ndinati bwana mukapita kumeneko mukabweretsa bilu yoti wandale wakuba asamalandire penshoni? Anaseka, anati funso labwino kwambiri mwana wanga, kenako anayamba kukamba za mjigo.