Njinga za mpikisano wa m'chipululu zimapirira bwanji minga ndi mchenga?

Funso: Amisiri, ine ndi wa kabaza ku Salima. Ndinaonera pa foni mpikisano wa njinga wa ku Namibia wotchedwa Desert Dash. Anthu kupalasa usiku wonse m'miyala ndi mumchenga, koma sindinaone womata chubu. Pomwe ine kuno tcheni sichitha miyezi inayi. Chinsinsi chawo n'chiyani?

Yankho: Achimwene, mwandikumbutsa mpikisano umene ndimaukonda zedi. Umachitika mu Disembala, kuchokera ku Windhoek mpaka ku Swakopmund m'mbali mwa nyanja ya Atlantic, mtunda woposa makilomita 360, ndipo uyenera kutha pasanathe maola 24. Amanyamuka masana dzuwa likuswa mtengo, n'kukwera mapiri a Khomas Hochland, mdima n'kuwapeza m'njira. Chimene sindiiwala ndi nyali zawo zija, zili ndondondo m'chipululu ngati ziphaniphani, kenako n'kumafika kunyanja muli chifunga, nkhope zili mbuu ndi fumbi.

Matayala awo amabooka ndithu, kungoti ambiri alibe chubu. Tayala limagwira limu mothina, ndipo m'kati amathiramo madzi a mphira oyera ngati mkaka. Munga ukabaya, mpweya umakankhira madziwo pabowo n'kuuma pomwepo, munthu ali pachishalo. Sapopanso kwambiri, kuti tayala lizitambasuka pamchenga m'malo mozama. Zimenezi inu musatengere. Mukapopa pang'ono n'kukweza munthu kumbuyo, limu lidzapana chubu pamwala, mudzapeza timabowo tiwiri ngati poluma njoka.

Koma za tcheni, apa ndiye mundimvere. Pafupifupi tsiku lililonse ndimalandira njinga yothiridwa oyilo wakuda wotsala mu injini ya galimoto. Ndikagwira tcheni n'kutikita zala, ndimamva mchenga kuti khwekhwerere. Oyilo womatayo amatola mchenga n'kuulowetsa m'mfundo, ndiye tcheni chimadzipala chokha ngati mwachipaka msasa, n'kudyanso mano a fuliwilo. Ambiri opikisana m'chipululu amapaka phula kapena mafuta opepuka amene amauma, kuti fumbi lisapeze pomata.

Inu chitani chonchi. Chotsani tcheni, muchitsuke m'palafini, muchiyanike chiume. Dontheza limodzi la oyilo woyera pa mfundo iliyonse likwanira. Zunguzani mapedulo kangapo, kenako pukutani kunja konse ndi kansalu mpaka pasatsale kunyowa. Oyilo amafunika m'kati mwa mfundo, osati pamwamba.

Muziyezanso. Tcheni chatsopano, mukayamba pa kamsomali kamodzi ka pamfundo n'kuwerenga timisomali tina 24 totsatira, chimakwana mainchesi 12 enieni. Chikapyola ndi gawo limodzi mwa magawo 8 a inchi, chatha, ndipo kawirikawiri fuliwilo imakhala itadyekanso. Musinthe zonse ziwiri pamodzi, apo ayi tcheni chatsopanocho chizidzalumpha mukangofika pachitunda.