Kodi mlendo angasonkhe nawo pa kampeni ya gavanala ku Georgia?

Ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa kwathu amene akukhala ku Atlanta. Akuti anzawo a kutchalitchi akutolera ndalama zothandizira munthu amene akufuna mpando wa gavanala wa Georgia, dera la ku America kumene kuli mzindawo. Awapempha madola 20, komanso kuti Loweruka azikagogoda nawo makomo. Mayiwa ali pa visa ya ntchito, green card, chiphaso chololeza mlendo kukhazikika ku America, sinatuluke. Akufunsa ngati apereke, komanso ngati tindalama totere timaphula kanthu.

Mayi, ndiyambire pamene pangakupwetekeni. Musapereke. Lamulo la America limaletsa mlendo kupereka ndalama pa chisankho chilichonse, kaya cha pulezidenti, cha gavanala ngakhale cha meya. Ololedwa ndi nzika ndi amene ali ndi green card basi. Mukatsegula tsamba la pa intaneti la ActBlue, kumene a chipani cha Democrat amatolera, kapena WinRed ya a Republican, amakufunsani dzina, keyala, ntchito ndi kumene mumagwira, kenako mutsimikize kuti ndinu nzika kapena muli ndi green card. Chonde musaname pamenepo. Musapatsenso mnzanu ndalamazo kuti akapereke m'dzina lake. Kwathu timangoti wandithandiza, koma kumeneko ndi mlandu kwa nonse awiri. Ndipo wina akakubweretserani fomu yolembetsera kuvota, ikaneni ndithu, chifukwa imeneyo ingakuwonongereni mapepala onse amene mwavutikira.

Koma miyendo ndi pakamwa palibe wakuletsani. Mlendo amaloledwa kugwira ntchito yongodzipereka pa kampeni, malinga ngati sakulipidwa ndipo sakhala nawo pogamula za kayendetsedwe ka ndalama. Adzakupatsani mndandanda wa nyumba pa foni, ndi timapepala ta uthenga. Mumagogoda, n'kubwerera m'mbuyo pang'ono kuti mwininyumba asachite mantha, n'kufunsa ngati akudziwa tsiku ndi malo ovotera. Mukapeza palibe munthu, kapepalako mumakasiya pachitseko, osati m'bokosi la makalata, poti mmenemo mumaloledwa za positi zokha. Makomo ambiri satseguka. Musagwe nazo ulesi.

Ngati zimaphula kanthu, onani za 2018. Stacey Abrams wa Democrat anali atakhazikitsa New Georgia Project, bungwe lolembetsa anthu amene andale ankawalambalala, makamaka akuda, achinyamata ndi obwera amene anasanduka nzika. Atapikisana ndi Brian Kemp wa Republican pa mpando wa gavanala, anagonja ndi mavoti pafupifupi 55,000 mwa mavoti pafupifupi 3.9 miliyoni. Kemp anapeza 50.2 pa 100 alionse. Ku Georgia opikisana onse akalephera kupitirira theka, awiri apamwamba amabwereza chisankho, monga 50+1 imene ife tinaiphunzira mu 2020. Ndiye taonani mmene panatsalira pang'ono kuti abwereze. M'dera ngati Georgia, la maboma 159, kusiyana kotere kumapangidwa ndi anthu oyenda pansi.

Sindikubisirani: mu 2022 Abrams anatolera ndalama zochuluka kuposa poyamba, koma anagonja kwa Kemp yemweyo ndi mavoti ochulukirapo. Ndalama zimagula mauthenga a pa TV, mafuta ndi lendi ya ofesi, koma sizimutulutsa munthu m'nyumba ngati mtima wake sunakhutire.

Chimene chimandikhudza ine n'chakuti kwathu tinazolowera kuti wandale ndiye abwere ndi zitenje ndi ndalama, mpaka lamulo la zipani la 2018 linachita kuletsa kugawa ndalama kotere. Anzanuwo akuchita zosiyana: akutulutsa za m'thumba mwawo, ndipo mawa adzamufunsa gavanalayo mopanda manyazi, chifukwa sanadye kanthu kake.

Choncho auzeni poyera kuti mapepala anu sakulolani kusonkha. Anthu a kampeni amalidziwa lamuloli, ndipo ndalama zotere amayenera kuzibweza. Loweruka valani nsapato zosapweteka, tengani madzi, ndipo pemphani kuti tsiku loyamba akuphatikizeni ndi munthu amene anagogodapo kale.